Bwalo la Masewero ndi Chuma cha Mzinda: Ndalama Zimachokera Kuti, Nanga Zimathera Kuti?

Pa 15 Meyi 2004 bungwe loyendetsa mpira wa miyendo padziko lonse la FIFA linalengeza ku Zurich kuti mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa 2010 udzachitikira ku South Africa, ndipo m'misewu ya Johannesburg, Durban ndi Cape Town anthu anavina mpaka usiku. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi mpikisanowo unachitika, unayenda bwino, Spain inanyamula chikho, alendo n'kubwerera kwawo. Koma mpaka lero akatswiri a zachuma, atolankhani ndi andale a dzikolo sanamvanebe pa funso looneka losavuta lakuti kodi mizinda isanu ndi inayi yomwe inalandira masewerowo inapindula kapena inangotaya ndalama.

Mkangano womwewu umabuka paliponse pamene boma likufuna kumanga bwalo lalikulu. Ena amati bwalo limabweretsa ntchito, alendo ndi ndalama zakunja, pamene ena amati limangosiya ngongole yomwe ana ndi adzukulu adzabweze. Chomwe chimasiya anthu kakasi n'chakuti mbali zonse ziwiri zimabwera ndi ziwerengero, ndipo nthawi zambiri ziwerengerozo sizabodza. Kusiyana kuli pa zomwe aliyense wasankha kuwerenga ndi zomwe wazisiya kunja. Munthu akadziwa mfundo zingapo zomwe akatswiri amagwiritsa ntchito poweruza nkhaniyi, akhoza kuwerenga lipoti la mbali iliyonse n'kuona yekha pamene pagona mkangano.

Amene amalipira bwalo

Poyamba tisiyanitse mwini timu ndi mwini bwalo, chifukwa kawirikawiri sakhala munthu mmodzi. Timu ya akatswiri ndi bizinesi: imagulitsa matikiti, imalandira ndalama za makanema oonetsa masewero ndi za makampani otsatsa malonda, ndipo phindu limapita kwa eni ake. Bwalo lomwe timuyo imasewerapo nthawi zambiri limamangidwa ndi ndalama za boma kapena za khonsolo, lonse kapena mbali yake. Thandizo la boma limabwera m'njira zambiri: ndalama zenizeni, malo aulere, misewu ndi magetsi opita kubwaloko, kukhululukira misonkho, kapena ngongole yomwe khonsolo imatenga m'dzina la anthu okhala mumzinda.

Mchitidwe umenewu unakula kwambiri ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 eni matimu ambiri ankamanga okha mabwalo awo. Zinthu zinasintha mu 1953 pamene timu ya baseball ya Braves inachoka ku Boston kupita ku Milwaukee, komwe boma la deralo linali litamanga bwalo ndi ndalama za msonkho. Eni matimu ena anaona kuti mzinda wopanda timu ndi wokonzeka kulipira kuti upeze timu, ndiponso kuti mzinda wokhala nayo ndi wokonzeka kulipira kuti isachoke. Popeza ligi iliyonse ku America imatseka chiwerengero cha matimu ake (ligi ya mpira wa chi America ya NFL ili ndi matimu 32 okha), mizinda yofuna timu imakhala yambiri kuposa matimu, choncho mphamvu pokambirana imakhala ndi mwini timu.

Zili ngati munthu amene wakongola ndalama kumanga nyumba ya lendi, koma wofuna kulowamo ndi mmodzi yekha m'tauni yonse. Wolowayo ndiye amatchula lendi, ndiye amalamula kuti nyumba ikonzedwe, ndipo akapeza ina yabwino amasamuka, ngongole n'kutsala ndi mwini nyumba. Izi zinachitikira mzinda wa St. Louis, womwe unamanga bwalo lofolera ndi ndalama za msonkho n'kulandira timu ya NFL ya Rams mu 1995. Mu 2016 timuyo inasamukira ku Los Angeles ngongole ya bwalo isanathe. Mzindawo unakasuma kukhoti, ndipo mu 2021 nkhaniyo inatha pamene ligi ndi mwini timu anavomera kulipira madola 790 miliyoni. Thandizo lotere silinathe ayi: boma la Nevada linavomereza madola 750 miliyoni, ochokera ku msonkho wa zipinda za mahotela, kuti amangire bwalo la ku Las Vegas komwe timu ya Raiders inasamukira mu 2020.

Ndalama zatsopano ndi ndalama zongosamuka

Iyi ndiyo mfundo yaikulu pa nkhani yonseyi, ndipo ndi yomwe malipoti ambiri oyamikira mabwalo amailumpha. Tsiku la masewero ndalama zimaoneka ndi maso: anthu pachipata, minibasi zodzaza, ogulitsa zakumwa, kanyenya ndi ma jezi. Funso lomwe katswiri wa zachuma amafunsa silakuti ndalama zagwiritsidwa ntchito zingati, koma lakuti zikanapita kuti bwalolo likanapanda kukhalapo.

Tiyerekeze bambo wa ku Ndirande amene wapatula K20,000 yosangalalira kumapeto kwa sabata. Akapita kukaonera mpira, ndalamayo ithera pa tikiti, thiransipoti ndi zakumwa za kubwalo. Akapanda kupita, mwina agulira banja nkhuku, mwina akamwa ndi anzake pamalo ena, mwina agulira mwana nsapato ku Limbe. Mulimonse, K20,000 ija yagwiritsidwa ntchito mu Blantyre momwemo. Wogulitsa wa pafupi ndi bwalo wapindula, wogulitsa nkhuku wa kumsika waluza, ndipo mzinda wonse sunalemere ndi tambala imodzi. Ndalama yangosamuka kuchoka m'thumba la wamalonda wina kupita la wina. Imene ingatchedwe yatsopano ndi yokhayo yobwera ndi munthu wochokera kunja kwa mzinda, amene sakanabwera popanda masewerowo, kapena ya munthu wa mumzindamo amene akanakaithera kwina.

Akatswiri anayamba kuyesa mfundoyi ndi ziwerengero m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Robert Baade anayerekeza mizinda ya ku America yomwe inapeza timu kapena bwalo latsopano ndi ina yomwe sinapeze, ndipo sanapeze umboni wakuti chuma cha yoyambayo chinakula mofulumira. Mu 1997 Roger Noll ndi Andrew Zimbalist anasonkhanitsa kafukufuku wa akatswiri ambiri m'buku lomwe linatuluka ku Brookings Institution, ndipo zotsatira zake zinali zofanana. Dennis Coates ndi Brad Humphreys anayang'ana mbali ina: nthawi zomwe osewera ananyanyala ntchito masewero n'kuima. Ngati timu imalemeretsadi mzinda, ndiye kuti masewero akaima chuma cha mzindawo chiyenera kutsika. Iwo sanapeze kutsika kotero, zomwe zikusonyeza kuti anthu anangotengera ndalama zawo kuzosangalatsa zina. Pambuyo pake awiriwa pamodzi ndi John Charles Bradbury anaunikanso kafukufuku woposa 130 wa zaka makumi atatu, ndipo anapeza kuti pafupifupi onse akuloza kumodzi: phindu la pachuma lomwe matimu ndi mabwalo amabweretsa kumzinda ndi laling'ono, ndipo limachepa poyerekeza ndi ndalama za msonkho zomwe zimalowapo.

Tiyenera kunena mosabisa kuti pa mfundo imeneyi akatswiri a zachuma, omwe amakonda kutsutsana pa zambiri, amagwirizana kwambiri. Koma tiyeneranso kukumbukira kuti kafukufuku wambiri anachitikira ku America, m'mizinda yomwe inali kale ndi mabwalo ena, misewu, mahotela ndi zosangalatsa zambiri. Mzinda womwe ulibe bwalo ngakhale limodzi lovomerezeka uli pamalo ena, ndipo tibwereranso ku mfundoyi.

Kuzungulira kwa ndalama ndi kuchucha kwake

Malipoti olembedwa bwalo lisanamangidwe amakonda kuchulukitsa ndalama zomwe alendo adzabweretse, kawiri kapena kuposa apo. Maganizo ake ndi oona: mlendo akalipira hotela, hotelayo imalipira antchito, antchitowo amagula kumsika, wa kumsika amalipira sukulu ya mwana, ndipo ndalama imodzi yagwira ntchito kangapo. Mfundoyi inatchuka m'zaka za m'ma 1930 ndi akatswiri a ku Cambridge, Richard Kahn ndi John Maynard Keynes. Koma kuzungulira kumeneku kumachitika pokhapokha ndalama ikakhalabe m'deralo. Ikatuluka, kuzungulira kwatha. Kuthira madzi mu ndowa ndi kuthira madzi m'dengu n'kosiyana, ngakhale madzi othirawo atakhala ofanana.

Masewero a akatswiri ndi dengu loboola kwambiri kuposa mabizinesi ena ambiri. Gawo lalikulu la ndalama za timu limapita kwa osewera ochepa ndi eni ake, omwe ambiri sakhala mumzindamo chaka chonse ndipo amasunga chuma chawo kwina. Hotela ikakweza mtengo nthawi ya mpikisano, malipiro a woyala mabedi sakwera, ndipo phindu lowonjezeralo limapita kulikulu la kampani, mwina kudziko lina.

Ku South Africa izi zinaonekera bwino. Ndalama zazikulu za mpikisano wa chikho cha dziko lonse zimachokera ku makanema ndi kwa makampani othandiza, ndipo zimenezi ndi za FIFA. Bungweli linapeza madola oposa 3 biliyoni pa mpikisano wa 2010, ndipo malinga ndi mgwirizano womwe dziko lililonse lochititsa mpikisano limasaina, ndalamazo sizinadulidwe msonkho monga za kampani wamba. FIFA inalipira zoyendetsera mpikisano ndi mphoto za matimu, komanso inasiya madola 100 miliyoni otukulira mpira m'dzikolo, koma mabwalo, misewu ndi chitetezo zinali za boma la South Africa, lomwe linagwiritsa ntchito ndalama pafupifupi R30 biliyoni. Malo ozungulira mabwalo anasungidwira makampani omwe anachita mgwirizano ndi FIFA, kotero kuti amayi ambiri ogulitsa chakudya, omwe amapezeka pachipata tsiku lililonse la Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, sanaloledwe kuyandikira. Pali kuchucha kwinanso komwe kunadziwika mochedwa: mu 2013 bungwe loona za mpikisano wa malonda m'dzikolo linalipitsa makampani 15 a zomangamanga chindapusa cha R1.46 biliyoni chifukwa chogwirizana mitengo mobisa pa makontirakiti osiyanasiyana, ena mwa iwo a mabwalo a 2010.

Alendo obwera ndi alendo ozemba

Mpikisano usanachitike, kampani ya Grant Thornton inalosera kuti ku South Africa kudzabwera alendo akunja 483,000, kenako inatsitsa chiwerengerocho kufika pa 373,000. Utatha, boma linalengeza kuti anthu 309,554 ndiwo anabwera chifukwa cha mpira. Chiwerengerochi ndi chachikulu ndithu, koma nachonso sichinena zonse, chifukwa pali alendo ena omwe akanabwera mwezi umenewo kudzaona nyama ku Kruger kapena kudzachita misonkhano, koma anazemba poopa mitengo yokwera ndi khamu la anthu. Pakhomo pakakhala ukwati, nyumba imadzaza ndi alendo a ukwati, koma azakhali omwe amabwera chaka chilichonse nthawi imeneyo amadikira kaye kuti phwando lithe.

London inaona zomwezi pa masewero a Olympics a 2012. Kummawa kwa mzindawo, komwe kunali mabwalo, kunali piringupiringu, pamene eni masitolo, malo odyera ndi nyumba za zisudzo za pakati pa mzinda ankadandaula kuti makasitomala asowa, ndipo alendo olowa m'dziko la Britain mu Ogasiti chaka chimenecho anachepa poyerekeza ndi Ogasiti wa 2011. Oyamikira mipikisano amayankha kuti phindu lenileni limabwera m'zaka zotsatira, anthu ataona mzindawo pakanema n'kuukhumba. Zimenezi n'zotheka, makamaka kwa mzinda womwe sunali wodziwika, koma n'zovuta kuzitsimikiza, chifukwa chiwerengero cha alendo chimasinthanso ndi mphamvu ya ndalama ya dziko, mitengo ya ndege ndi nkhani za chitetezo.

Ntchito

Pa ntchito palibe zambiri zokangana. Kumanga bwalo kumalembadi anthu masauzande, koma kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kumanga chipatala kapena msewu wa mtengo womwewo kukanalembanso anthu. Bwalo likatha, ntchito zokhazikika zimakhala zochepa: osamalira udzu, alonda, amagetsi ndi a muofesi. Zina zonse ndi ganyu wa tsiku la masewero, ndipo timu ya NFL imasewera pakhomo masewero a ligi asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi okha pachaka. Lipoti likatchula ntchito masauzande, ndi bwino kufunsa kuti mwa izo zokhalitsa ndi zingati.

Mpikisano ukatha

Kugula ng'ombe ndi kwa tsiku limodzi, koma kuidyetsa, kuimwetsa ndi kuipatsa mankhwala ndi kwa tsiku lililonse. Bwalo nalo limadya ndalama ngakhale lili chete: udzu ufuna madzi, denga lifuna kukonza, magetsi ndi alonda afuna malipiro. Choncho pali mitengo iwiri, womangira ndi wosamalira, ndipo wachiwiriwu sutchulidwa kawirikawiri pa tsiku loika mwala wa maziko.

Ngakhale mtengo womangira umene umatchulidwa poyamba sukhala womaliza. Ofufuza a ku yunivesite ya Oxford, motsogozedwa ndi Bent Flyvbjerg, anapeza kuti masewero onse a Olympics omwe anawaunika kuyambira 1960 anadya ndalama zoposa bajeti yake. Chitsanzo chomwe chimatchulidwa kwambiri ndi Montreal ku Canada. Meya wa mzindawo, Jean Drapeau, analonjeza kuti masewero a 1976 sangabweretse ngongole, koma anasiya ngongole pafupifupi madola 1.5 biliyoni a ku Canada, yomwe inabwezedwa kwa zaka makumi atatu, mbali ina kudzera mu msonkho wapadera wa fodya, mpaka 2006. Mizinda inachita mantha kwambiri moti pa masewero a 1984 Los Angeles inatsala yokha yowafuna. Popeza panalibe wopikisana nayo, inatha kukana kumanga zambiri zatsopano, inagwiritsa ntchito bwalo lakale la Coliseum lomwe linachititsanso masewero a 1932, ndipo okonza masewerowo, motsogozedwa ndi Peter Ueberroth, anatsala ndi phindu la madola oposa 200 miliyoni. Mizinda iwiriyi inachititsa masewero amodzimodzi, motalikirana zaka zisanu ndi zitatu zokha, ndipo chomwe chinasiyanitsa zotsatira zake ndi kuchuluka kwa zomanga zatsopano komanso amene anali ndi mphamvu pokambirana.

South Africa inagwiritsa ntchito mabwalo khumi, asanu atsopano ndi asanu okonzedwanso. Okonzedwanso, monga Ellis Park ndi Loftus Versfeld, anali kale ndi matimu a rugby ndi mpira, ndipo anapitiriza ntchito yawo. Vuto linali pa atsopano. Ku Cape Town akuluakulu a mzinda poyamba ankafuna kuti masewero achitikire ku Athlone, dera la anthu wamba okonda mpira, koma mapeto ake bwalo latsopano linamangidwa ku Green Point, pakati pa nyanja ndi phiri la Table Mountain, pa mtengo wa R4.4 biliyoni. Kampani yomwe inayenera kuliyendetsa kwa zaka makumi atatu inabwerera m'mbuyo mu 2010 momwemo itaona kuti silingadzilipire, ndipo khonsolo inasenza mtolowo kwa zaka pafupifupi khumi mpaka 2021, pamene timu ya rugby ya Stormers inasamukirako kuchoka kubwalo la Newlands. Ku Durban bwalo la Moses Mabhida linamangidwa moyang'anana ndi bwalo lina lalikulu la Kings Park, ndipo lakhala likufunafuna ndalama kudzera m'makonsati ndi zokopa alendo. Ku Brazil, pambuyo pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa 2014, bwalo la mumzinda wa Manaus linatsala m'dera lopanda timu yokoka anthu ochuluka chotero, ndipo pabwalo la ku Brasília malo oimika magalimoto anasanduka kogona mabasi.

Zitsanzo ziwiri za ku England zikusonyeza kuti chofunika kwambiri ndi kudziwiratu amene adzalowe m'bwalo. La ku Manchester linamangidwira masewero a Commonwealth a 2002, koma mgwirizano wakuti Manchester City idzalowemo unalipo kale, ndipo timuyo inalowa mu 2003. La Olympics ku London linamangidwa popanda mgwirizano wotero. Kulisintha kuti likhale la mpira kunadya mapaundi oposa 300 miliyoni, ambiri a msonkho, ndipo West Ham, yomwe inalowamo mu 2016, inagwirizana zolipira lendi yoyambira pa mapaundi 2.5 miliyoni pachaka, ndalama yomwe sikwanira kuyendetsera bwalolo.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi maonekedwe akeake. Bwalo la Bingu ku Lilongwe, lomwe limalowa anthu pafupifupi 41,000, linamangidwa ndi ngongole ya madola pafupifupi 70 miliyoni yochokera ku China ndipo linatsegulidwa mu Janyuwale 2017. Ku Zambia mabwalo a Levy Mwanawasa ku Ndola ndi National Heroes ku Lusaka nawo anamangidwa ndi thandizo la China. Matimu awiri okoka khamu lalikulu ku Malawi, Big Bullets ndi Wanderers, ndi a ku Blantyre, choncho bwalo la Bingu limadzaza masiku owerengeka pachaka. Komabe pali mbali ina yomwe kafukufuku wa ku America sangaione. Bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF limaletsa masewero a mayiko pa mabwalo osakwanira muyeso, ndipo dziko lopanda bwalo lovomerezeka limakakamizika kukasewerera kunja masewero ake a pakhomo, n'kumalipira ndege, mahotela ndi lendi ndi ndalama zakunja. Ethiopia inagonjetsa Egypt 2-0 pa Bingu mu Juni 2022 ili ngati timu ya pakhomo, ndipo Kenya inachitiranso pomwepo masewero ake a pakhomo mu Juni 2024. Ndalama zomwe matimu amenewa anasiya mu Lilongwe ndi zatsopano zenizeni malinga ndi tanthauzo lomwe tafotokoza lija. Kuti zikufanana bwanji ndi ngongole ndi zosamalira bwalo, limenelo ndi funso lina.

Zomwe zinasiyidwa posankha

Mlimi wa ekala imodzi akadzala fodya wasiya chimanga, ndipo pokolola sangawerenge phindu la fodya yekha osaganizira chimanga chomwe akuyenera kugula. Akatswiri a zachuma amati mtengo weniweni wa chinthu ndi chabwino koposa chomwe wasiya pochisankha, mfundo yomwe Friedrich von Wieser wa ku Austria anaipatsa dzina zaka zoposa zana zapitazo. Bwalo likhoza kubweretsa phindu ndithu, koma n'kukhala kuti ndalama zomwezo zikanabweretsa lochuluka zikanapita ku madzi, misewu kapena masukulu.

Apa oyamikira mipikisano ali ndi yankho lomwe liyenera kumvedwa bwino. Iwo amati ndalamazo sizikanapita kumasukulu n'komwe, ndipo kuti tsiku losasunthika la mpikisano limakakamiza boma kumaliza ntchito zomwe zikanagona m'mafayilo zaka zambiri. Barcelona ndiyo umboni wawo waukulu: pokonzekera Olympics ya 1992, ndalama zambiri sizinapite ku mabwalo koma ku misewu yozungulira mzinda, bwalo la ndege, ndi kusandutsa gombe lodzaza mafakitale akale kukhala malo okhala ndi osangalalira, ndipo mzindawo unakhala umodzi mwa yokopa alendo kwambiri ku Ulaya. Ku South Africa sitima ya Gautrain inayamba kuyenda pakati pa bwalo la ndege la OR Tambo ndi dera la Sandton ku Johannesburg masiku ochepa mpikisano usanayambe, mabasi a Rea Vaya anayamba kulumikiza Soweto ndi pakati pa Johannesburg mu 2009, ndipo Durban inapeza bwalo la ndege latsopano la King Shaka. Otsutsa amayankha kuti ntchito zimenezi zinali kale m'mapulani, kuti kuthamangira tsiku kumakweza mitengo, ndiponso kuti njira zomangidwira alendo a mwezi umodzi sizikhala nthawi zonse zomwe wogwira ntchito wa tsiku ndi tsiku amazifuna. M'kuona kwanga mbali zonse zili ndi choona, ndipo chogamula ndi gawo la ndalama lomwe lapita ku zinthu zomwe mzinda ukanazifunabe popanda mpira.

Phindu losalowa m'buku la ndalama

Aliyense amene anaona Siphiwe Tshabalala akugoletsa chigoli choyamba cha mpikisano pa 11 Juni 2010, pamasewero a South Africa ndi Mexico, akudziwa kuti pali china chomwe ziwerengero sizigwira. Kwa mwezi wathunthu dziko lomwe linagawidwa ndi tsankho linaimba nyimbo imodzi, ndipo Africa inaonetsa dziko lapansi kuti ikhoza kuchititsa mpikisano waukulu koposa wa mpira. Munthu amene sanagulepo tikiti amasangalalabe timu ya mzinda wake ikapambana, ndipo chisangalalo chake sichichepetsa cha mnzake. Zinthu zotere, zomwe aliyense amapindula nazo popanda kulipira pachipata, monga nyale za mumsewu kapena paki, ndizo boma limayenera kulipirira, chifukwa wabizinesi sangazigulitse.

Akatswiri sakana phindu limeneli, ndipo ayesa kuliyeza. Njira ina ndi kufunsa anthu a mumzinda kuti angalolere kulipira msonkho wochuluka bwanji pachaka kuti timu isachoke. Kafukufuku wotere ku America wapeza kuti anthu amalolera ndithu kulipira, koma zonse zikaphatikizidwa nthawi zambiri sizifika pa mtengo wa bwalo. Njira ina ndi kuyeza chimwemwe chomwe anthu amanena kuti ali nacho, ndipo ofufuza ku Ulaya anapeza kuti chimakwera dziko likachititsa mpikisano waukulu wa mpira, koma kwa kanthawi. Njira yachitatu ndi voti. Mu 1972 anthu a ku Colorado ku America anakana kulipirira Olympics ya nyengo yozizira mzinda wawo wa Denver utapatsidwa kale masewerowo, a ku Hamburg anakana mu 2015, a ku Calgary mu 2018, ndipo mu Epulo 2024 ovota a ku Jackson County ku Missouri anakana msonkho wa mabwalo a timu ya NFL ya Kansas City Chiefs ndi ya baseball ya Royals ngakhale Chiefs inali itangotenga kumene chikho. M'madera ena ovota avomera. Mzinda ukhoza kusankha kugula chisangalalo ndi ulemu monga momwe banja limasankhira kuchita phwando, ndipo palibe cholakwika, bola anthu auzidwe kuti akugula phwando ndipo adziwe mtengo wake.

Mafunso omwe akadali poyera

Funso loyamba ndi lakuti zomwe zapezeka ku America ndi ku Ulaya zikugwira ntchito mpaka pati m'mizinda ya mu Africa. Bwalo lachitatu mumzinda wolemera ndi bwalo loyamba lovomerezeka m'dziko lonse si chinthu chimodzi. Komanso ndalama ya msonkho imalemera kwambiri komwe zipatala zikusowa mankhwala, ndipo ngongole yobweza m'madola imakula ndalama ya dziko ikagwa. Mfundo ziwirizi zimakokera mbali zosiyana, ndipo Kenya, Uganda ndi Tanzania, zomwe zinapatsidwa mpikisano wa mayiko a mu Africa wa 2027, zipereka umboni watsopano.

Lachiwiri likukhudza mabwalo amakono omangidwa pamodzi ndi masitolo, mahotela ndi nyumba zogona, kuti malowo akhale ndi anthu chaka chonse. Eni matimu amati njira imeneyi yathetsa vuto la bwalo logona. Ofufuza ena amati masitolowo amangokoka makasitomala kuchokera m'madera ena a mzinda womwewo, ndiye kuti tabwereranso ku ndalama zongosamuka. Palinso nkhani ya anthu omwe amasamutsidwa kapena kulephera lendi malo akakwera mtengo, omwe kawirikawiri salowa m'chiwerengero cha mbali iliyonse.

Lachitatu ndi la mphamvu pokambirana. Mizinda itayamba kukana, komiti ya Olympics inasintha malamulo n'kuyamba kulimbikitsa kugwiritsa ntchito mabwalo omwe alipo kale, ndipo Paris mu 2024 inamanga zochepa zatsopano. Mpikisano wa FIFA nawo ukumagawidwa pakati pa mayiko angapo, monga America, Canada ndi Mexico mu 2026. Sizikudziwika ngati kusinthaku kudzapeputsa mtolo wa mizinda, kapena kudzangochititsa kuti mipikisano izipita kumayiko olemera okha ndi omwe maboma awo safunsa ovota.

Ndipo pali funso lomwe limakhudza Lilongwe, Ndola ndi Cape Town mofanana. Bwalo likamangidwa ndi ngongole ya dziko lonse koma lili mumzinda umodzi, mlimi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amabweza nawo ngongoleyo ngakhale sadzapondapo phazi. Kodi gawo lake la phindu ndi kunyada kokha pamene Flames yapambana, kapena pali njira yoti ndalama za pachipata, za makonsati ndi za matimu akunja obwereka bwalo zizilengezedwa chaka ndi chaka pambali pa ndalama zosamalira ndi zobweza ngongole, kuti nayenso aweruze yekha?